Kudziwa kutentha kwa madzi a mu donki muli patali ndi moto

Chilala cha 2024 chitaphwetsa madzi ku Kariba, ZESCO inayamba kugawa magetsi mosinthana, ndipo pofika kumapeto kwa chakacho makomo ambiri ankakhala tsiku lonse opanda malaiti. Giza ya magetsi inangotsala chokongoletsa kudenga. Mabanja akuluakulu, eni nyumba zogona alendo m'mbali mwa Great East Road ku Nyimba ndi pa mphambano ya Petauke, ngakhalenso anthu a m'mafamu, anakumbukira donki: dilamu ya malita 210 yogonekedwa pa njerwa, pansi pake posonkhera nkhuni, kumbuyo chumuni, paipi imodzi yobweretsa madzi ozizira kuchokera ku thanki ndi ina yotengera otentha ku bafa. Mu Juni ndi Julayi, pamene chisanu cha m'mamawa chimaumitsa zala, mgolo umenewu umasambitsa nyumba yonse popanda wina kuima pa mbaula ndi mphika.

Vuto lake ndi limodzi. Giza ya magetsi imadzizimitsa yokha madzi akatentha mokwanira, koma moto wa nkhuni sudziwa zimenezo. Wosonkha amaponya nkhuni, n'kupita kumunda, ku shopu kapena kukagona, ndipo zimene zikuchitika mkati mwa mgolo palibe akuziona. Ena amagwira paipi ndi dzanja, ena amadikira kumva mgolo ukulilima. Pofika pamene mwaumva ukulilima, madzi awira kale, nkhuni zapita zambiri pachabe, ndipo mwana amene atsegule mpope ku bafa ali pangozi. Masiku ano pali tizipangizo totsika mtengo timene timayeza kutentha pa mgolopo n'kukuuzani muli m'nyumba, kumunda kapena ku Lusaka. N'tothandiza kwambiri, ndipo ndikufuna makomo ambiri akhale nato. Koma kachipangizo kamangonena zimene kaona. Sikazimitsa moto, sikatsegula paipi. Choncho tiyambire pa zimene ziyenera kukhala bwino musanagule kalikonse.

Paipi yopumira isanakhale, musayatse moto

Madzi akamatentha amafufuma. Malita 200 ozizira akafika pafupi kuwira amawonjezeka ndi malita pafupifupi 8, ndipo madzi sapanikizika, ayenera kupeza kolowera. Akawira nkhani imakula: lita imodzi ya madzi imasanduka nthunzi ya malita pafupifupi 1,700. Mgolo wa mafuta ndi chitsulo chopyapyala, sunapangidwe kuti upirire mphamvu yotere. Ukatsekedwa mbali zonse umaphulika, n'kumwaza njerwa ndi madzi owira pabwalo pomwe ana amawothera moto.

N'chifukwa chake donki iliyonse iyenera kukhala ndi paipi yopumira. Imachoka pamwamba penipeni pa mgolo, kapena pa paipi ya madzi otentha pafupi ndi mgolo, n'kukwera molunjika mpaka kupitirira msinkhu wa madzi a mu thanki yodyetsa. Kukamwa kwake kumakhala kotsegula usana ndi usiku. Pa paipi imeneyi pasakhale mpope, valavu kapena chotsekera cha mtundu uliwonse. Anthu ena akaona ikulavula madzi amaipinda kapena kuikhomera chimtengo poganiza kuti ikuwononga madzi, osadziwa kuti kulavulako ndiko kukuwapulumutsa. Ikamalavula madzi ozizira ndiye kuti ndi yaifupi, italikitseni. Ikamalavula otentha ndi nthunzi ndiye kuti moto wachuluka. Kumapeto kwake kupindikire pansi, kuloze kumene sikudutsa anthu, ndipo mwezi uliwonse muziona ngati mavu sanamangemo.

Musalumikize mgolo mwachindunji ku paipi ya kampani ya madzi kapena ku pampu ya pa mjigo. Madzi ayambe afika mu thanki ya pamwamba, atsike okha. Mamita 10 aliwonse a kutalika kwa thanki amaika pa mgolo mphamvu ya bar imodzi, choncho thanki ya mamita 3 kapena 4 ndi yokwanira kukankha madzi ku shawa popanda kutupitsa mgolo. Ngati mwagwiritsa ntchito giza yakale m'malo mwa mgolo, monga ambiri akuchitira, valavu yake yotulutsira mphamvu isachotsedwe ndiponso isatsekedwe, komabe paipi yopumira ikhalepo. Mamita oyambirira a mapaipi onse ochoka pa mgolo akhale achitsulo kapena akopa. Paipi ya pulasitiki wamba imafewa madzi akapitirira madigiri 60.

Za mgolo womwewo: umene munali mankhwala a thonje kapena a m'munda usayandikire madzi osamba. Umene munali petulo kapena dizilo utsukidwe bwino ndi kudzazidwa madzi wowotcherera asanaukhudze ndi moto, chifukwa mpweya wotsalira mkati umaphulika.

Manambala ofunika kuwasunga pamtima

Kuyeza kulibe phindu ngati simudziwa chimene nambala ikutanthauza. Madzi abwino kusamba ndi a madigiri 38 mpaka 40, ndipo a khanda asapitirire 38. Madzi a madigiri 60 amawotcha khungu la munthu wamkulu kufika mkati m'masekondi pafupifupi 5, la mwana mofulumira kuposa apo. A madigiri 70 sapereka mpata wochotsa dzanja. Tsono wina angati, bwanji osangotenthetsa mgolo kufika 40 basi? Chifukwa m'madzi ofunda, pakati pa madigiri 20 ndi 45, mumaswana tizilombo totchedwa Legionella, timene timayambitsa chibayo choopsa munthu akapuma timadontho ta madzi a mu shawa. Tinadziwika titadwalitsa ndi kupha anthu amene anasonkhana pa hotela ina ku Philadelphia, ku America, mu 1976. Pa madigiri 60 timafa m'mphindi zochepa. Choncho mgolo uzifika 60, ndipo madziwo azisakanizidwa ndi ozizira ku bafa. Mu beseni muziyamba kuthira ozizira, otentha pambuyo.

Kupitirira 60 kapena 65 palibe chimene mukupindula. Ngati ketulo yanu imachita zoyera zolimba pansi, monga zimachitikira ndi madzi a m'mijigo yambiri, dziwani kuti zomwezo zikumera mu mgolo ndi m'mapaipi, ndipo zimamera msanga madzi akatentha kwambiri. Pakapita nthawi zimatchinga kutentha kwa moto ndi kuchepetsa njira ya paipi yopumira.

Nkhuni nazo zili ndi masamu ake. Kutenthetsa malita 200 kuchoka pa madigiri 18 kufika 60 kumafuna mphamvu yofanana ndi mayuniti pafupifupi 10 a magetsi. Kilogalamu imodzi ya nkhuni zouma bwino ili ndi mayuniti pafupifupi 4. Kutentha konse kukanamalowa m'madzi, makilogalamu 2 ndi theka akanakwana. Koma kwambiri kumathawira mu chumuni ndi m'njerwa, ndipo ngati gawo limodzi lokha mwa magawo anayi ndilo likulowa m'madzi, mukufunika makilogalamu 10. Tsono mukawasiya madzi omwewo mpaka awire, mwakwera madigiri pafupifupi 79 (kuno madzi amawira pa madigiri pafupifupi 97) m'malo mwa 42, ndiye kuti nkhuni zawirikiza pafupifupi kawiri pa madzi amene mukawaziziritsanso ku bafa. Apa ndi pamene choyezera chimabweza ndalama zake. Amene amadutsa msewu wa pakati pa Luangwa Bridge, Kacholola ndi Nyimba amaona matumba a malasha ali mbwee m'mbali mwa msewu, ndipo amadziwa kumene mitengo ya m'mapiri amenewa ikupita. Mtolo umene simunawotche pachabe ndi mtengo umene watsala chiimire, komanso ndi ulendo umodzi wa kunkhuni umene mayi kapena mtsikana wa pakhomo sanayende.

Poika kamutu koyezera

Choyezera chilichonse chili ndi mbali ziwiri: kamutu kachitsulo kamene kamamva kutentha, ndi kabokosi kamene kamaonetsa kapena kutumiza nambala. Pakati pake pali waya. Anthu ambiri amalakwitsa poika kamutu, n'kumadzudzula chipangizo.

Madzi otentha amakwera pamwamba, ozizira amatsalira pansi. Mu mgolo umodzi pamwamba pangakhale 65 pansi pali 35. Amene amapita ku bafa ndi a pamwamba, choncho kamutu kakhale pamwamba, pafupi ndi potulukira madzi otentha. Njira yabwino koposa ndi kupempha pulambala aike kachubu kakopa kotseka kumapeto, kolowa m'madzi masentimita 10 kapena 15 kudzera pa cholumikizira cha paipi yotulukira. Kamutu kamalowa m'kachubuko, kamamva kutentha kwa madzi enieni koma sikanyowa, ndipo kakawonongeka mumangokasolola osakhetsa madzi.

Ngati zimenezo sizitheka, mangirirani kamutu pa paipi yachitsulo yotulukira, pasapitirire chikhatho chimodzi kuchoka pa mgolo. Palani dzimbiri kuti chitsulo chikhudzane ndi chitsulo, mangani ndi waya wakopa, kenako funditsani ndi nsalu yokhuthala kapena chidutswa cha bulangete lakale, pamwamba pake lata loteteza ku mvula. Kamutu kosafunditsidwa kamayeza mphepo ya pabwalo. Dziwaninso kuti pa paipi nambala imatsika ndi madigiri angapo poyerekeza ndi madzi a mkati, makamaka pamene mpope sunatsegulidwe. Tsiku loyamba tungani madzi mu kapu, muwayeze, muone kusiyana kwake, mulembe pakhoma.

Malawi ndi utsi zisafike pa kamutu kapena pa waya. Sankhani mbali ya mgolo imene yatulukira kunja kwa njerwa, kutali ndi khomo la moto ndi chumuni. Kamutu kofala kwambiri m'zipangizo zotere, kotchedwa DS18B20, kamayeza mpaka madigiri 125, ndipo pakati pa 10 pansi pa ziro ndi 85 sikaphonya kuposa theka la digiri. Koma waya wake wakuda ndi wa pulasitiki, akagunda njerwa yotentha amasungunuka. Mulowetseni m'paipi yakale kapena m'nsungwi, kuti makoswe, nkhuku ndi mbuzi zisamupeze.

Musanakamangirire, kayeseni. Wiritsani madzi m'poto, mukaviike osagunda pansi. Musadabwe mukapanda kuona 100. Petauke ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo pamenepo madzi amawira pa madigiri pafupifupi 97. Ku Nyimba, kumene kuli kotsikirapo kulowera ku chigwa cha Luangwa, mungaone 97 kapena 98. Choyezera chikaonetsa 90 kapena 105 m'madzi owira, chibwezeni kwa wogulitsa. Izi zikutanthauzanso kuti alamu yoikidwa pa 100 ingathe kukhala chete ngakhale madzi akuwira.

Uthenga ufike bwanji kwa inu

Funso loyamba si lakuti chipangizo chabwino ndi chiti, koma lakuti moto ukamayaka inu mumakhala kuti.

Ngati mumakhala kukhitchini kapena pakhonde, mamita 5 kapena 10 kuchoka pa donki, musavutike ndi foni. Gulani themometa ya waya, ya mtundu umene amaika pa mafiriji a m'mabutchala, koma onani pa paketi kuti imafika madigiri 110, chifukwa zina zimathera pa 50 kapena 70. Kabokosi kake kakhomereni pamene mayi akuphika angakaone pongotembenuka. Imadya kabatire kakang'ono kamene kamakhala miyezi. Waya wa DS18B20 angatalikitsidwe mamita 10 kapena 20 ndi waya wabwino wa mitsempha itatu, koma themometa za mtundu wina zimayamba kunama waya akalumikizidwa, choncho mukatalikitsa yesaninso m'madzi owira. Kwa makomo ambiri a ku Petauke ndi Nyimba njira imeneyi ndiyo ndingalimbikitse, chifukwa ilibe chimene chingawonongeke kupatula batire ndi waya, ndipo aliyense pakhomo, ngakhale agogo ndi mwana wa giredi 4, amaiwerenga.

Ngati donki ili kuseri kwa nyumba zogona alendo ndipo inu muli ku ofesi ya kutsogolo, pali mathemometa opanda waya amene anapangidwira owotcha nyama. Kabokosi kamodzi kamakhala pa mgolo, kena mumayenda nako m'thumba, ndipo kamalira nambala imene mwaika ikakwana. Pa paketi amalemba mamita 100 kapena kuposa, koma amenewo ndi a pabwalo lopanda kanthu. Makoma a njerwa ndi malata amadula mtundawo kwambiri. Za Bluetooth, monga zina za kampani ya Inkbird, zimaonetsa nambala pa foni, koma khoma limodzi kapena awiri n'zokwanira kuzisokoneza. Musanalipire, gwirizanani ndi wogulitsa kuti mukayese kunyumba.

Za WiFi, monga Sonoff TH imene imagwira ndi pulogalamu ya eWeLink, zimatumiza nambala pa intaneti, moti mumaiona muli kulikonse, ndipo zimasunga mbiri ya mmene kutentha kwakwerera ndi kutsikira. N'zokoma, koma ganizani kawiri. Zambiri zimafuna magetsi a pakhoma ndi rauta yoyaka nthawi zonse. Munamanga donki chifukwa malaiti amazima, tsono chipangizo chodalira malaiti omwewo chidzakhala chete pa tsiku limene mukuchifuna. Chimayenera nyumba imene ili ndi sola ndi inveta, ndipo rauta ili pa batire.

Kwa amene famu ili kutali, kapena mwini nyumba ya alendo amene amakhala ku Chipata kapena ku Lusaka, chodalirika ndi chipangizo cholowetsa SIM khadi chimene chimatumiza SMS kapena kuimba foni kutentha kukapitirira malire. Zimagulitsidwa ngati alamu za zipinda zozizira ndi makola a nkhuku. SMS imadutsa pamene intaneti yakanika, ndipo imafika pa foni ya mabatani. Musanasankhe pakati pa MTN, Airtel ndi Zamtel, imani pa donki penipenipo ndi foni, m'mawa ndi madzulo, muone imene ikugwira. M'midzi ya pakati pa mapiri, kwa Luembe kapena kwa Nyalugwe, netiweki ingagwire pachulu n'kukana pakhomo. Zipangizo zambiri zotsika mtengo zimagwira pa 2G yokha, choncho funsani zimenezo pogula. SIM ilembetsedwe ndi chitupa chanu cha NRC monga lamulo likunenera, muziikamo thokutaimu, ndipo izitumiza uthenga kawirikawiri, chifukwa nambala yokhala nthawi yaitali osagwira ntchito imatsekedwa. Achinyamata amene anaphunzira zamagetsi amatha kupanga chotere ndi kabolodi ka ESP32, ka SIM800L ndi kamutu ka DS18B20. Ngati muli naye wotere, mpatseni mpata, koma mumuuze kuti chikhale m'bokosi losalowa madzi ndi nyerere.

Chipangizo cha SIM chidyetseni kuchokera ku batire la sola la mavoti 12 kudzera pa chaja ya m'galimoto. Mapawabanki ambiri amadzizimitsa okha akaona kuti chimene alumikizidwa nacho chikukoka moto wochepa, ndipo mudzapeza chinazima pakati pa usiku.

Pali msampha umodzi umene umagwira ngakhale anthu osamala. Foni ikakhala chete, mtima umati zonse zili bwino. Koma chete angatanthauze kuti batire latha, khoswe wadula waya, kapena netiweki yagwa. Konzani chipangizo kuti chizitumiza uthenga pa nthawi yodziwika, mwachitsanzo 5 koloko m'mawa ndi 5 koloko madzulo, ngakhale palibe vuto. Uthengawo ukapanda kufika, muziona ngati alamu yalira. Pa themometa ya waya, nambala yosasuntha moto ukuyaka, kapena yodumphadumpha, ndi chizindikiro chakuti kamutu kasololoka kapena waya wapsa.

Phunzirani moto wanu, kenako ikani alamu

Moto wa nkhuni uli ngati chikochikale chodzaza chimanga pa mtsetse: ngakhale ng'ombe zitaima, katundu amakankhabe. Mukaleka kusonkha, makala a moto ndi njerwa zotentha zimapitiriza kutenthetsa madzi kwa theka la ola kapena kuposa. Mukadikira kuona 60 kuti musiye kuponya nkhuni, mudzathera pa 70 kapena 75.

Choncho sabata yoyamba ikhale yophunzira. Tengani kope la sukulu. Lembani kutentha kwa madzi musanayatse, kuchuluka kwa nkhuni zimene mwaika, ndi nambala ya pa choyezera mphindi 10 zilizonse. Lembani pamene mwasiya kusonkha, ndipo pitirizani kulemba mpaka nambala itasiya kukwera. Mukachita zimenezi masiku angapo mudzadziwa zinthu ziwiri zimene palibe wogulitsa angakuuzeni: madigiri amene mgolo wanu umakwera pa mphindi 10, ndi madigiri amene umawonjezera moto utasiyidwa. Ngati umawonjezera 10, alamu yoyamba ikhale pa 50, ndipo tanthauzo lake ndi lakuti nkhuni basi, tsekani khomo la moto. Alamu yachiwiri ikhale pa 75 kapena 80, ndipo tanthauzo lake ndi lakuti munthu athamange. Pakati pa 80 ndi kuwira palibe nthawi yaitali moto ukakhala waukulu.

Kope lomwelo lidzakuuzani mtolo woyenera. Mukapeza kuti zikuni 6 za msinkhu wakutiwakuti zimafikitsa madzi pa 60 mu Julayi, muzipatula 6 zomwezo madzulo, wosonkha asamatenge pa mulu. Mu Okutobala, pamene thanki ya pamwamba yakhala padzuwa la ku Nyimba tsiku lonse, madzi amayambira pamwamba kale, ndipo mtolowo uchepe. Mtundu wa nkhuni nawonso umasintha zinthu. Tsanya wouma amayaka pang'onopang'ono ndipo makala ake amakhalitsa, choncho amakankha madzi nthawi yaitali mutasiya kusonkha. Zitsononkho, makoko a nsawa ndi nthambi za gliricidia, mtengo umene bungwe la COMACO lalimbikitsa alimi ambiri a kuno kum'mawa kubzala m'minda, zimayaka mofulumira n'kutha msanga. Pa donki zimenezi n'zabwino kuposa mmene anthu amaganizira, chifukwa moto wake umamvera: mukasiya kuponya, nambala imaima posachedwa.

Nambala ya m'mawa nayo imaphunzitsa. Ngati madzulo munasiya 60 ndipo m'mawa mwapeza 25, kutentha kukuthawa usiku. Tsekani khomo la moto ndi lata moto ukazimiratu, kuti mphepo isamadutse pansi pa mgolo n'kukwera mu chumuni. Matani dothi losakaniza ndi phulusa pamwamba pa mgolo, kulungani paipi yopita ku bafa. Mukatero mudzaona nambala ya m'mawa ikukwera, ndipo moto wa m'mawa udzafuna nkhuni zochepa.

Alamu ikalira

Uthenga wofika kwa munthu amene ali pa mtunda wa makilomita 400 suzimitsa moto. Nambala yoyamba pa chipangizo ikhale ya amene ali pakhomo, yanu ikhale yachiwiri. Ndipo wa pakhomoyo adziwiretu chochita, osati ayambe kukuimbirani kufunsa.

Achotse nkhuni zoyaka ndi fosholo kapena khasu, aziike pa dothi poyera, azikwirire ndi mchenga. Asathire madzi m'ng'anjo, chifukwa nthunzi ndi phulusa zimabwerera kumaso ndipo njerwa zimang'aluka. Kenako atsegule mpope wa madzi otentha pang'onopang'ono, ataima pambali, ana atawachotsa ku bafa, kuti otentha atuluke ndipo ozizira alowe mu mgolo. Ngati mpope sukutulutsa kanthu koma nthunzi, ndiye kuti thanki ya pamwamba yauma ndipo mgolo uli pafupi kuuma. Apa asayese kuthiramo madzi ozizira. Madzi akagwera pa chitsulo chofiira amasanduka nthunzi nthawi imodzi. Achotse moto, aliyense atalikire, mgolo uzizire wokha mpaka mawa.

Ngozi ya mgolo wouma imapewedwa ndi chizolowezi chimodzi chimene choyezera sichingalowe m'malo mwake: musanayatse machesi, tsegulani mpope wa madzi otentha. Akatuluka mwamphamvu, mgolo ndi wodzaza. Akangodontha kapena kutsomola mpweya, musayatse. M'miyezi imene pampu imakhala yopanda magetsi kapena madzi a m'mipope akusowa, zimenezi zichitike tsiku lililonse. Kamutu komangirira pa paipi kangathe kuonetsa nambala yotsika mgolo uli wouma, popeza palibe madzi obweretsa kutentha pamene kali.

Wina akapsa ndi madzi, thirani madzi ozizira oyera pa balalo kwa mphindi 20, vulani mphete ndi zovala zimene sizinamatirire, phimbani ndi nsalu yoyera. Musapake mankhwala otsukira mano, dzira, mafuta kapena dothi, ndipo musaboole matuza. Bala lalikulu kuposa chikhatho cha wopsayo, la kumaso, la m'manja kapena la kumaliseche, ndiponso bala lililonse la mwana wamng'ono, lipite kuchipatala tsiku lomwelo, kaya ku Nyimba District Hospital, ku Minga, ku Petauke District Hospital kapena ku Kalindawalo General Hospital.

Kamutu kachiwiri, ka pa chumuni

Amene akufuna kupita patsogolo angayezenso utsi. Apa DS18B20 sikagwira, kangapse. Pamafunika kamutu ka mtundu wa K, kamene kamapirira madigiri mazana ambiri, kapena themometa ya maginito yomata pa chumuni chachitsulo. Chumuni chikamakhala pansi pa madigiri pafupifupi 120 moto uli mkati, ndiye kuti nkhuni ndi zaziwisi kapena mpweya ukuchepa, ndipo phula lakuda likumatirira mkati, limene tsiku lina limagwira moto. Chikapitirira 250 kapena 300, kutentha kukuthawira kumwamba osakhudza mgolo: chepetsani nkhuni, tsekani khomo pang'ono, ndipo onani ngati mpata wa pakati pa moto ndi mgolo sunakule kwambiri. Nkhuni zongodulidwa kumene pafupifupi theka la kulemera kwake ndi madzi, ndipo moto umayamba wawiritsa madzi amenewo usanafike pa anu. Ziwazeni, ziunjikeni pamthunzi pokwera, zidikire miyezi ingapo. Mwaye wa pansi pa mgolo muziupala mwezi uliwonse, chifukwa nawo umatchinga moto.

Zipangizo zomwezi zimagwiranso ntchito m'khola la anapiye, amene sabata yoyamba amafuna madigiri 32 mpaka 35, ndiponso m'balani ya fodya wowotcha, mmene kutentha kumayambira pansi pa 40 pofiiritsa tsamba n'kukwera mpaka pafupifupi 70 poumitsa mitsempha. Ngati mukugula cha SIM, sankhani cholandira timitu tiwiri kapena titatu, kuti kamodzi kakhale pa donki, kena kwa anapiye. Lembani pa waya aliyense dzina la kumene akupita, ndipo mu foni musunge nambala ya chipangizocho ndi kulira kwakekwake kosiyana ndi mauthenga ena onse, kuti isasochere pakati pa mauthenga a mabando ndi a mobile money.